Mphete ya mwala wa mwezi wobadwa: ndigule opal kapena ndisiye?

Bambo a Mapasa: Moni nonse pa gulu. Ndabwera ndi funso, mundithandize ndisanawononge ndalama. Mwezi wa mawa ine ndi mayi a kunyumba tikukwanitsa zaka 10 tili pa banja, ndiye ndikufuna kuwagulira mphete ngati sapulaizi. Iwo anabadwa mu Okutobala, ndipo wogulitsa wandiuza kuti mwala wa mwezi umenewu ndi opal. Wandionetsa ina yokongola kwabasi, ukamaitembenuza mitundu imathamanga m'kati ngati utawaleza, uku kubiriwira uku kufiira. Pa kapepala kake palembedwa kuti "opal triplet, 9ct". Ine pamenepa sindikutolapo kanthu. Chinanso, mayiwa akavala mphete savula. Kuchapa nayo, kutsuka mbale nayo, kugona nayo. Ndigule?

Mai a Kwaya: Zaka 10! Mulungu apitirize kukudalitsani. Gulani basi achimwene, mphatso ndi mtima.

Mmisiri Wopuma: Mai a Kwaya, mtima inde, koma mtima sumata mwala ukasweka. Achimwene, ndalamayo ibwerere kaye m'thumba. Ine ndakalambira pa benchi yokonza mphete ndi ndolo, ndipo ma triplet ndawagwira osawerengeka. Liwu limenelo likutanthauza kuti mwalawo ndi zigawo zitatu zomatidwa ndi guluu. Pansi pali mwala wakuda kapena pulasitiki wakuda, pakati pali kachidutswa ka opal weniweni kopyapyala ngati khoko la anyezi, pamwamba pali kachipewa ka galasi kapena ka mwala wooneka ngati galasi wotchedwa quartz. Chakudacho ndi chimene chimachititsa kuti mitundu iwale choncho. Si chinyengo ayi, bola wakulemberani poyera monga wachitiramu. Vuto ndi madzi. Munthu akamatsuka nayo mbale tsiku ndi tsiku, madzi otentha ndi sopo zimalowerera m'mbali, guluu uja amayamba kumatuka, ndiye tsiku lina mudzangoona m'kati mwachita chifunga ngati galasi la galimoto m'mawa wozizira. Zikafika apo palibe mmisiri amene angakonze. Timangochotsa mwala n'kuika wina.

Bambo a Mapasa: Eee, zikomo akulu. Nanga nditafuna opal wathunthu, wosamata uja?

Mmisiri Wopuma: Wathunthu wa ku Australia madzi a m'beseni samuvuta kwenikweni, koma ndi mwala wosachedwa kusweka. Kungomenyetsa dzanja pa mpopi kapena m'mphepete mwa poto, mng'alu uwo. Ndiye pali wa ku Ethiopia amene wadzaza m'masitolo masiku ano. Wokongola zedi, koma wambiri amamwa madzi ngati siponji. Akanyowa mitundu imazimirira mpaka aume. Zoipa kwambiri n'zakuti amamwanso mafuta odzola, ndipo amenewo akalowa satuluka, mwala umangosanduka wachikasu wotuwa.

Wophunzira za Miyala: Ndiwonjezerepo pa zimene anena a Mmisiri. Pali mulingo wa kulimba kwa miyala umene anaukonza Friedrich Mohs, Mjeremani, mu 1812. Umayambira pa 1 kukafika pa 10, ndipo tanthauzo lake n'lakuti mwala wa nambala yapamwamba umakanda wa nambala yotsika. Dayamondi ali pa 10, ruby ndi sapphire pa 9, topaz ndi spinel pa 8, emerald ndi aquamarine pakati pa 7.5 ndi 8, amethyst pa 7. Opal ali pakati pa 5.5 ndi 6.5 basi. Nambala yofunika kuigwira pamenepa ndi 7, chifukwa ndi ya quartz, ndipo fumbi wamba limene limatera pa tebulo limakhala ndi timchenga ta quartz. Ndiye mwala uliwonse wosafika pa 7, ngakhale kungoupukuta ndi nsalu ya fumbi ukuukanda pang'onopang'ono. Pakatha zaka umaoneka ngati wakhungu.

Mlongo Wanu: Pepani kudula nkhani. Ine wa Malichi mwala wanga ndi uti? Ndangodziwa lero kuti miyezi ili ndi miyala kkkk

Adimini: Ndilembe kamodzi kuti tisamafunse mmodzimmodzi. Januwale ndi garnet, Febuluwale amethyst, Malichi aquamarine, Epulo dayamondi, Meyi emerald, Juni ngale (ena amati alexandrite kapena moonstone), Julayi ruby, Ogasiti peridot kapena spinel, Sepitembala sapphire, Okutobala opal kapena tourmaline, Novembala topaz kapena citrine, Disembala turquoise, zircon kapena tanzanite.

Mlongo Wanu: A Epulo ndiye anabadwa tsiku labwino. Ife a Malichi mwala wamadzimadzi.

Mai a Kwaya: Komatu zimenezi si zopeka. Werengani Eksodo 28, chapachifuwa cha Aroni chinali ndi miyala 12, mizere inayi ya miyala itatuitatu. Pa Chivumbulutso 21 maziko a mzinda woyera alinso ndi miyala 12.

Wophunzira za Miyala: Mai, miyala ya Aroni ilipodi, koma inkaimira mafuko 12 a Israeli, mwala uliwonse ndi dzina la fuko lake. Za miyezi mulibe m'menemo. Amene anayamba kufanizira miyala imeneyi ndi miyezi 12 ya chaka ndi Josephus, wolemba mbiri wachiyuda wa nthawi ya atumwi. Koma mndandanda umene alemba a Adiminiwu ndi wa dzulodzuloli. Anaugwirizana ogulitsa mphete ndi ndolo a ku America pa msonkhano wa bungwe lawo mu 1912, ndipo akhala akuwonjezera. Alexandrite ndi citrine analowa mu 1952. Tanzanite anapezeka mu 1967 ku mapiri a Merelani kufupi ndi Arusha ku Tanzania, dzina anam'patsa ndi a kampani ya Tiffany, ndipo analowa mu Disembala mu 2002. Spinel ndiye wa 2016. Tangoganizani, agogo obadwa mu Disembala 1940 anakhala zaka 62 asanauzidwe kuti tanzanite ndi mwala wawo.

Mai a Kwaya: Mwanawe waphunziradi. Komabe ine garnet wanga sindimusiya.

Wophunzira za Miyala: Musamusiye mai, sindikunyoza. Kuvala mwala wa mwezi wako n'kosangalatsa. Ndikungoti mndandanda wolembedwa ndi ogulitsa usamange munthu manja mpaka kugula mwala wosagwirizana ndi moyo wa wodzauvala.

Mlongo Wanu: Ine ndinamva kuti ukavala opal usanabadwe mu Okutobala umaitana minyama. Zoona?

Mmisiri Wopuma: Minyama ya opal ndi mpopi ndi poto, mlongo. Mwala wosachedwa kusweka anthu amaunamizira zambiri. Agiriki akale nawo ankati amethyst amateteza munthu kuledzera, dzina lakelo tanthauzo lake ndi "wosaledzera".

Bambo a Mapasa: Ameneyo ndiwagulire alamu anga, mwina thumba lathunthu kkkk

Namwino wa Usiku: Ndangotuluka ku ntchito, ndawerenga zonse. Achimwene, lolani ndikuuzeni zimene zinandionekera ine, chifukwa nkhani si kulimba kokha. Ine ndine wa Julayi. Zaka zitatu zapitazo ndinagula mphete ya ruby pa intaneti, mwala waukulu ngati njere ya nyemba, wofiira ngati magazi, mtengo wake wosaopsa. Ndinati ndatola. Ndinawerenganso kuti ruby ali pa 9, ndiye ndinkavala mopanda mantha. Patatha miyezi ingapo, tsiku lina ndikufinya mandimu, madzulo ake ndinaona timizere toyera pamwamba pa mwala ngati ukonde wa kangaude. Ndinapukuta, osachoka. Ndinapita nayo kwa mmisiri, iye anatenga kagalasi kake kokuza zinthu ka 10, anayang'ana kanthawi, kenako anandipatsa kuti ndione ndekha. M'kati munali timathovu tozungulira ngati ta m'botolo, ndipo potembenuza munkang'anima kuwala kwa buluu. Anati uyu ndi ruby inde, koma anali wong'alukang'aluka wosagulitsika, ndiye anathira galasi losungunula la mtovu m'ming'alumo kuti aoneke bwino. Asidi wa mandimu anadya galasilo. Nditabwerera kwa wogulitsa anandiuza kuti "tinalemba ruby, ndipo ndi ruby". Lisiti yanga inalidi ndi mawu awiri okha. Ndinalibe pogwira.

Mai a Kwaya: Mayo ine. Pepani asisi.

Mmisiri Wopuma: Pepani mai. Amenewo ndi ochuluka, ndipo ife amisiri timawaopa, chifukwa ukangoyandikiza moto pokonza mphete galasi lija limawonongeka, mwini wake n'kumati wandiwonongera mwala. Ndikufuna gulu limve bwino apa. Miyala yambiri ya mitundu imene ili m'masitolo inakonzedwapo, ndipo si kukonza konse kumene kuli koipa. Sapphire ndi ruby ambiri amawotchedwa pa moto waukulu kuti mtundu ukhale bwino, zimenezo n'zokhalitsa ndipo n'zovomerezeka. Tanzanite pafupifupi yense amawotchedwa kuti kuderako kuchoke atsale wa buluu. Citrine wambiri ndi amethyst wowotchedwa. Topaz wa buluu amayamba ali woyera, mtunduwo amaupeza pomuwomba ndi cheza champhamvu kenako n'kumutenthetsa. Emerald ambiri amathiridwa mafuta m'ming'alu yake, n'chifukwa chake saikidwa m'makina otsukira aja onjenjemera kapena m'madzi otentha. Zonsezi wogulitsa woona amakuuza. Choipa ndi kubisa. Ndiye lisiti ilembe zinthu zitatu ndi mawu omveka: mwalawo ndi wokumbidwa pansi, wopangidwa mu labu, kapena wongofanizira, unakonzedwa motani, chitsulocho ndi chiyani ndipo ndi makarati angati. Wogulitsa akayamba kuzembazemba kulemba zimenezi, tsanzikani.

Kamtsikana ka Epulo: Funso langa ndi la dayamondi. Chibwenzi changa chikufuna kundigulira wa mu labu. Azakhali anga akuti ameneyo ndi feki, mwamuna akundipeputsa. Ndamva kuwawa koma sindikudziwa ngati ndiyenera.

Wophunzira za Miyala: Asisi, musamve kuwawa. Tisiyanitse zinthu ziwiri. Dayamondi wa mu labu ndi dayamondi, kaboni yemweyo, kulimba 10 yemweyo, kuwala komweko. Kusiyana kwake ndi kumene anakulira, wina pansi pa nthaka, wina m'makina. A kampani ya General Electric ya ku America anayamba kupanga dayamondi mu 1954, ndipo ruby wa mu labu ndi wakale kuposa apo, njira ya Auguste Verneuil inalengezedwa mu 1902. Ofanizira ndiye ena. Cubic zirconia si dayamondi, amalemera kuposa dayamondi wa saizi yomweyo ndipo m'mphepete mwake mumafumbutuka pakapita nthawi. Moissanite nayenso si dayamondi, koma ndi mwala wabwino wolimba kuposa sapphire, ali cha pa 9.25. Ndipo musasokoneze cubic zirconia ndi zircon wa Disembala uja. Zircon ndi mwala wachilengedwe, dzina lokha ndi limene linamupalamulira.

Wabizinesi: Ine nditsutsa pang'ono. Wokumbidwa pansi ndi chuma. Zinthu zikavuta umagulitsa. Wa mu labu mtengo wake ukungotsika chaka ndi chaka, ukapita naye kokagulitsa akuseka.

Mmisiri Wopuma: Zoti wa mu labu akutsika mtengo ndi zoona bwana. Koma zoti wokumbidwa ndi banki, ine ayi. Pa zaka zonse zimene ndinakhala pa benchi, anthu ankabwera kudzagulitsa mphete ukwati ukatha kapena ngongole ikawapana, ndipo sindikumbuka ndi mmodzi yemwe amene analandira ndalama imene anagulira. Mtengo wa m'sitolo muli lendi, malipiro a antchito, ntchito ya mmisiri ndi phindu. Pogulitsa zonsezo sizibwerera. Chimene chimabwerera mosavuta ndi kulemera kwa golide pa sikelo.

Wabizinesi: Nanga miyala ikuluikulu imene timamva ikugulitsidwa pa okushoni ku Geneva?

Mmisiri Wopuma: Imeneyo ndi ina bwana, si imene ine ndi inu timagula. Mphete ya chinkhoswe gulani kuti ivalidwe.

Kamtsikana ka Epulo: Zikomo agogo. Nanga ndingadziwe bwanji kuti ndi dayamondidi? Anzanga amati umakanda naye galasi.

Wophunzira za Miyala: Zimenezo zisiyeni. Galasi lili cha pa 5.5, ndiye ngakhale quartz wamba amalikanda, cubic zirconia amalikanda. Mungowononga windo. Kachipangizo kaja kokhala ngati cholembera kamene amagunditsa pa mwala n'kulira, kamayeza mmene mwala ukutengera kutentha, ndipo moissanite amakapusitsa ngati ndi ka mtundu wakale. Komanso sikangasiyanitse wa mu labu ndi wokumbidwa, poti onse ndi dayamondi. Ngati mwalawo ndi wa ndalama zambiri, funsani lipoti ya labotale yoima payokha monga GIA, osati satifiketi yosindikiza sitolo yomweyo. Nambala ya lipotiyo nthawi zambiri imalembedwa ndi laser m'mphepete mwa mwala, timalemba tating'ono toonekera pa kagalasi kokuza. Ionani ndi maso anu, kenako ilembeni pa webusaiti ya labotaleyo muone ngati kulemera ndi miyeso zikugwirizana.

Namwino wa Usiku: Ngakhale mafumu anapusitsidwapo, ndimadzitonthoza choncho. Mwala waukulu wofiira uli kutsogolo kwa chisoti chachifumu cha ku Britain, umene amautcha Black Prince's Ruby, si ruby konse. Ndi spinel.

Bambo a Mapasa: Koma gulu ili ndi sukulu. Bwererani kwa ine pang'ono akuluakulu. "9ct" ija ndi kulemera kwa mwala?

Mmisiri Wopuma: Ayi, apo anthu ambiri amasokonezeka chifukwa liwu ndi limodzi. Karati ya mwala ndi kulemera, karati imodzi ndi magalamu 0.2. Karati ya golide ndi kuchuluka kwa golide m'chitsulocho. Golide wosasakaniza ndi 24, koma ndi wofewa, amapindika. Yang'anani m'kati mwa mphete, mupeza nambala. 375 ndi makarati 9, kutanthauza kuti pa magawo 1000 golide ndi 375 okha, otsalawo ndi mkuwa, siliva ndi zina. 585 ndi makarati 14, 750 ndi 18, 916 ndi 22. Siliva wabwino amalembedwa 925, platinum nthawi zambiri 950. Mukaona GP kapena GEP, ameneyo ndi golide wongokuta pamwamba, adzasupuka. Kwa munthu wosavula mphete ine ndimakonda 14, ngakhale 9 si woipa. Nambala yokha musaikhulupirire kwambiri mukamagula kwa munthu wosadziwika, chidindo aliyense akhoza kugula.

Mlongo Wanu: Maginito bwanji? Ine ndimayenda nayo m'chikwama.

Mmisiri Wopuma: Ikakoka, si golide. Koma ikapanda kukoka sizitanthauza kanthu, chifukwa mkuwa nawonso sukokedwa. Ndipo pa tcheni musayezere pokolowekera, m'menemo mumakhala kasipuling'i kachitsulo ngakhale tcheniyo ili ya golide weniweni.

Namwino wa Usiku: Ndiwonjezere za khungu poti ndi zimene ndimakumana nazo. Ngati mayiwo amatuluka zidzolo kapena kuyabwa akavala ndolo zotchipa, mwina thupi lawo silimvana ndi chitsulo cha nickel. Golide woyera wina amasakaniza ndi nickel, pamwamba n'kukuta ndi chitsulo choyera chotchedwa rhodium. Rhodium ija ikatha, chala chimayamba kuyabwa ndipo mphete imaoneka yachikasu pang'ono, imafuna kukutidwanso. Funsani. Komanso mankhwala oyeretsa zovala okhala ndi chlorine amafooketsa golide wosakaniza, makamaka timano togwira mwala. Pochapa ndi amenewo avule ndithu, ngakhale sakonda.

Mai a Kwaya: Nanga ngale zanga za pa ukwati zinachita chikasu, ndi chlorine yemweyo?

Mmisiri Wopuma: Mwina pefyumu ndi thukuta mai. Ngale ndi yofewa kuposa miyala yonse tatchulayi ndipo imadyedwa ndi asidi. Muzivala pomaliza mutadzola kale, muzivula poyamba, n'kupukuta ndi kansalu kofewa.

Bambo a Mapasa: Ndiye nditani ine? Opal wakanika, koma ndimafuna chinthu cha mwezi wawo.

Mmisiri Wopuma: Onaninso zimene analemba a Adimini. Okutobala ali ndi miyala iwiri. Tourmaline ali pa 7 mpaka 7.5, amapezeka wa pinki, wobiriwira, ngakhale wa mitundu iwiri m'mwala umodzi. Sali ngati sapphire, koma apirira. Mupemphe kuti auzinge ndi golide kuzungulira konse ngati mkombero, osati kuugwira ndi timano tinayi totukuka m'mwamba. Timano timakola m'zovala, timapindika, tsiku lina mwala umapita ndi madzi a mu sinki. Ndipo ngati mtima uli pa opal uja, muikeni pa tcheni kapena pa ndolo. Pakhosi sakumana ndi poto. Musaiwale kufunsa ngati amalola kubweza, ndi masiku angati, zilembedwe.

Kamtsikana ka Epulo: Saizi mukuidziwa achimwene? Paja mukuti ndi sapulaizi.

Bambo a Mapasa: Pamenepo ndili ndi nzeru yanga. Ndidzakuuzani.

Bambo a Mapasa: Ndabweranso, patha masiku asanu. Ndagula tourmaline wa pinki wozingidwa ndi golide wa 585. Wogulitsa poyamba anadabwa ndi mafunso anga, anati kodi ndinu mmisiri? Koma walemba zonse pa lisiti, kuti ndi wokumbidwa, ndipo walembanso kuti mwina anawotchedwa poti sangatsimikize. Masiku obweza ndi 14. Opal uja ndamutenganso, wamng'ono, pa tcheni. Za saizi, ndinabisa kamphete kawo kasiliva kamene amasunga m'kabati n'kupita nako ku sitolo. Kunyumba kunali mlandu, mapasa anafunsidwa mpaka misozi, ine ndili chete ngati sindikudziwa. Ndakabwezera usiku pansi pa bedi.

Mai a Kwaya: Achimwene mukapepese ana amenewo!

Mmisiri Wopuma: Mwagula bwino. Koma funso limodzi. Kamphete kasilivako amavala chala chiti, ndipo n'chifukwa chiyani kamakhala m'kabati?

Bambo a Mapasa: Chala chomwecho ndikuganiza. Anasiya kuvala ali ndi pakati pa mapasa, ankati kakuthina.

Namwino wa Usiku: Mapasawo ali ndi zaka zingati?

Bambo a Mapasa: Zisanu ndi ziwiri.

Mmisiri Wopuma: Masiku 14 aja atsala angati?

Bambo a Mapasa: Khumi. Mawa ndilawirira ku sitolo. Mlongo Wanu, paja mumapemphera mpingo umodzi ndi mayi a kunyumba, simungawayeze chala mochenjera Lamlungu?

Mlongo Wanu: Ndiwayeza ndi mphete zanga tikamatuluka. Koma mapasa muwagulire kanthu kaye, apo ayi ndiulula.